N'chifukwa chiyani ku City Centre kumakhala zii madzulo?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake ku City Centre, mumzinda wa Lilongwe, kumakhala zii anthu akangoweruka, pomwe ku Old Town amapondana mpaka kukada. Nkhaniyi inayambira pa mapulani a mzinda. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, cholinga chinali chakuti chitukuko chisamangothera kummwera, chifikenso pakati ndi kumpoto. Pamenepo anaganiza bwino ndithu.

Koma mkati mwa mzindawo anapatula zinthu motalikirana: maofesi ku Capital Hill ndi City Centre, mafakitale ndi okushoni ya fodya ku Kanengo, nyumba za anthu kwina. Msika waukulu ndi depoti zili ku Old Town. Ndiye munthu akaweruka amakwera minibasi, ndalama yake n'kukaidyera ku Kawale, Chinsapo kapena Area 25.

Kafikeni pa msika wa Nsungwi ku Area 25 dzuwa likamalowa. Mayi wa tomato waunjika milu pa benchi, wachiwaya akutembenuza tchipisi, akabaza akulimbirana makasitomala. Chimandiwawa n'chakuti kumeneko, komwe ndalama ikuzungulira, mukangopatuka pa tala mupeza fumbi, ndipo mvula ikagwa mayi uja amagulitsa ataima m'matope. Khonsolo ikanayambira kumeneko kukonza ngalande ndi mashedi.