Kiyi wa apolisi okha kulibe

Sabata yatha bambo wina anandilembera imelo, ndipo funso lawo ndalifupikitsa chonchi: "Mumakonda kunena kuti boma lisamawerenge mauthenga athu a pa WhatsApp ndi Signal. Nanga zigawenga? Nanga ogwiririra ana? Bwanji makampaniwa osangopanga kiyi mmodzi wapadera, wosungidwa ndi apolisi, wogwira ntchito pokhapokha khoti litavomereza? Ine ndilibe chobisa."

Bambo, funso lanu si lopepera ayi, ndipo anthu oipawo inenso ndimafuna atagwidwa. Pamene tikusiyana ndi pa kiyiyo.

Uthenga wa pa WhatsApp umatsekedwa usanachoke pa foni yanu, n'kukatsegukira pa foni ya amene mwamulembera basi. Kampani ili pakatiyo imangonyamula katundu amene singamuwerenge, ndipo zakhala choncho kwa aliyense kuyambira 2016. Mukupempha kuti pakhale kiyi wachitatu. Koma kiyi wa pa kompyuta si chitsulo choti chikasowa m'thumba mumadziwa. Ndi nambala chabe. Munthu akhoza kuikopera n'kuisiya pomwe inali, mwini wake osazindikira kanthu kwa zaka. Ndipo nambala siifunsa ngati woibweretsayo wavala yunifomu kapena ayi.

Zimenezi zinayesedwa kale. Mu 1993 boma la America, pansi pa Bill Clinton, linabweretsa kachipangizo kotseka zokambirana kotchedwa Clipper, koika m'matelefoni, komwe kiyi wake boma linkasunga. Chaka chotsatira katswiri wina, Matt Blaze, anaonetsa kuti munthu akhoza kugwiritsa ntchito kachipangizoko n'kulitsekera bomalo kunja, ndipo nkhani yonse inafa yokha. Chomwe chinakhalitsa ndi lamulo la 1994 la CALEA, lokakamiza makampani a mafoni ku America kumanga makina awo mwakuti apolisi azitha kumvetsera. Patapita zaka 30, mu 2024, zinadziwika kuti gulu lotchedwa Salt Typhoon, lomwe America imati ndi akazitape a boma la China, linalowa m'makina a makampani a mafoni a AT&T ndi Verizon mpaka kufika pa zida zomvetserera zomwezo. Khomo linakhomedwera apolisi, olowerapo anakhala alendo. Chondiseketsa n'chakuti pambuyo pake akuluakulu a zachitetezo a dzikolo analangiza anthu kuti azitumizirana mauthenga pa mapulogalamu otseka uthenga aja.

Ku Greece zinachitika kale kwambiri. Mu 2004 ndi 2005 anthu ena anayatsa mobisa mbali yomvetserera ya m'makina a kampani ya mafoni ya Vodafone, n'kumamvera mafoni oposa 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu Kostas Karamanlis.

Mwina mukuti boma lamphamvu lingasunge bwino kiyi wake. NSA, bungwe la ukazitape la boma la America, lili ndi akatswiri osaneneka, koma chida chake cholowera m'makompyuta a Windows, EternalBlue, chinabedwa n'kutayidwa poyera mu April 2017. Mwezi wotsatira chinali m'kati mwa vayirasi yotchedwa WannaCry, yomwe inatseka makompyuta m'mayiko pafupifupi 150, zipatala zina za ku Britain mpaka kubweza odwala. Ife okonda magemu izi sitidabwa nazo. Opanga gemu akasiyamo kanjira kobisika koti iwo okha azidutsira poyesa ntchito yawo, osewera amakatulukira ndithu, n'kuuzana dziko lonse.

Tsopano pa mawu anu akuti mulibe chobisa. Ndikukhulupirirani. Koma chimene chili mlandu simusankha ndinu, amasankha ndi amene ali pampando, ndipo mpando umasintha eni ake. Kiyi amene mwapatsa boma lomwe mumalikonda adzatsalira boma lomwe mumaliopa, pamodzi ndi mauthenga a atolankhani, maloya, otsutsa ndi aliyense amene anadandaulapo za nduna. Sindinaonepo boma likubweza mphamvu yotere mwa kufuna kwake. Komanso chigawenga sichidzadikira lamulo lanulo. Masamu otsekera uthenga ali poyera, ndipo pulogalamu yotsekera uthenga ya PGP ya Phil Zimmermann yakhala ikupezeka kwaulere kuyambira 1991. Woipa adzangosamukira kwina, otsala ndi loko wobowoka tidzakhala inu ndi ine.

Ndisakunamizeni, mtengo wake ulipo: milandu ina idzavuta kufufuza, ndipo ena olakwa adzapulumuka. Koma apolisi sali chimanjamanja. Akhoza kutenga chilolezo cha khoti n'kulanda foni ya munthu mmodzi amene akumuganizira, kutsata ndalama zake, kuona amene amaimbirana naye. Mu 2016 FBI, polisi yofufuza milandu ya boma la America, inakokera Apple kukhoti kuti itsegule iPhone ya chigawenga cha ku San Bernardino. Apple inakana, ndipo FBI inaitsegulabe kudzera mwa akatswiri ena. Ntchito yotere ndi yodula komanso yochedwa, ndipo ine ndimaona kuti n'chifukwa chake ili yabwino: boma silingathe kuichita kwa tonse nthawi imodzi.

Poti mwatchula WhatsApp, kaoneni mmene foni yanu imasungira makope a mauthenga ku Google Drive kapena iCloud. Njira yowatseka ndi kiyi wanu inabwera mu 2021, koma muyenera kuiyatsa nokha.