Msonkho wa nyumba ukakwera, mkhristu aime pati?

Achimwene, mwafunsa ngati mkhristu angakane ndi mtima woyera zokweza msonkho wa malo ndi nyumba, ma city rates aja, pomwe ndalamazo akuti n'zokonzera misewu, ngalande ndi misika. Ine ndikuti angathe, koma osati pa chifukwa chimene ambiri akupereka muno.

Ambiri agwira 2 Akorinto 9:7, kuti kupereka kusakhale kokakamiza. Pamenepo Paulo ankanena za chopereka chothandizira abale osauka a ku Yerusalemu, sankanena za msonkho. Za msonkho analemba yekha pa Aroma 13:7 kuti tizikhoma, ndipo Ambuye anaigamula kale nkhaniyi pa ndalama ya Kaisara ija. Tisabisale kumeneko.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti msonkho umenewu suyang'ana m'thumba mwa munthu, umayang'ana nyumba. Owerengera mitengo amaona malo, makoma ndi denga, n'kulemba mtengo wake, msonkho n'kuchokera pamenepo. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a pantchito, imatsika malipiro akatsika, ntchito ikatha nayo yatha. Koma bilu ya nyumba imabwerabe, kaya mwini wake wapuma pantchito, kaya akudwala, kaya wamwalira.

Azakhali anga ndi amasiye. Nyumba ya njerwa zootcha, ya zipinda zitatu, anawasiyira amuna awo. Papepala ndi munthu wopeza bwino, koma pakhomo ndiwo zimachokera ku mandasi amene amagulitsa pamsewu. Dera lawo litatukuka, anthu andalama n'kumangamo mipanda, mtengo wa nyumba yawo unakwera iwo osaonjezerapo njerwa ndi imodzi yomwe. Tsiku lina ndinawapeza atagwira kalata ya ngongole, manja akunjenjemera, akundifunsa ngati nyumba ilandidwe. Mpaka lero sindiiwala.

Werengani Nehemiya 5. Anthu ankamanganso linga la Yerusalemu, ntchito yachitukuko yeniyeni, ya mzinda wonse. Komabe ena anadza akulira kuti akongola ndalama zokhomera msonkho wa mfumu pa minda yawo, mpaka ana awo kulowa ukapolo. Nehemiya sanawauze kuti apirire chifukwa linga n'lofunika. Anapsa mtima, anadzudzula akuluakulu, anawalamula kubweza minda ndi nyumba, ndipo iye mwini anakana kudya thandizo loyenera bwanamkubwa poona kuti anthu alemedwa. Linga linatha ndithu, m'masiku 52. Onjezanipo Marko 12:40, pomwe Yesu akudzudzula odya nyumba za akazi amasiye.

Ifenso mbiri yathu ikudziwa. Msonkho wa nyumba wa atsamunda ndi umene unkakankhira makolo athu kukagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo pamodzi ndi thangata unali m'gulu la zimene zinkamuwawa m'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, asanaukire mu 1915. Sindikufanizira khonsolo ndi atsamunda ayi, makhansala timasankha tokha. Ndikungoti m'busa kudandaula za msonkho wa nyumba si zachilendo kwathu kuno.

Musaiwalenso a lendi. Mwini nyumba akamukwezera, iye amakweza lendi, wolipira weniweni n'kukhala mlonda kapena mayi wogulitsa tomato amene dzina lake silili m'kaundula wa khonsolo.

Ngalande timazifuna, n'zoona. Madzi amvula akasefukira, nyumba zoyamba kugwa n'za osauka omwewo, ndipo zinyalala zikaunjikana pamsika kolera sachedwa. Choncho amene ali ndi nyumba zisanu zochititsa lendi asadzitchinjirize ndi azakhali anga, akhome basi.

Ine kumsonkhano wa m'dera ndikafunsa kuti okalamba ndi amasiye okhala m'nyumba zawozawo achotseredweko motani, komanso kuti ndalama zimene anatolera chaka chatha zinagwira ntchito yanji, ationetse ndi maso. Akayankha bwino, ndivomera kukwezako. Akapanda kuyankha ndikana, ndipo ndipempha abusa athu kuti tikapite limodzi kwa khansala.