Zigoba za .308 zikamaduka msanga, yambani mwayang'ana die

Wowerenga wina wanditumizira imelo kudandaula kuti zigoba zake (timabotolo ta mkuwa tokhala onga ndi chipolopolo) za mfuti ya .308 Winchester zikumaduka chakutsinde akangozidzazanso kachitatu kapena kachinayi, ndiye akufunsa ngati kuli bwino angogula zigoba zokwera mtengo. Funsoli landikhudza, chifukwa chigoba chikadukira mu chamber (malo a mu mfuti mokhala chigoba powomba), mpweya wamoto ukhoza kubwerera kumaso kwa wowombayo.

Achimwene, musagule kaye. Nthawi zambiri vutoli limachokera pa mmene mwamangira die, chida chofinyira chigoba chowombedwa kuti chibwerere pa saizi yake. Mukawomba, mbali yakutsogolo ya chigoba imafufuma n'kukakamira makoma a chamber, pomwe tsinde limakankhidwira m'mbuyo mpaka litagunda bolt, chitsulo chotseka chamber kumbuyo. Ngati phewa (pomwe chigoba chimayambira kuchepa kutsogolo) munalibweza kwambiri pofinya, mpata umene watsalawo umadzazidwa ndi kutamuka kwa mkuwa, ndipo umatamukira malo amodzi, pamwamba pang'ono pa tsinde lokhuthala lija. Mukalibwezanso kwambiri, umatamukanso pomwepo, mpaka khoma kupyapyala n'kuduka. Chigoba chokwera mtengo chimafanso imfa yomweyi.

Malangizo ambiri obwera ndi die amati muitsitse mpaka ikhudze shellholder (chogwirira tsinde la chigoba pa makina ofinyira), kenako muonjezeko pang'ono. Cholinga chake n'chakuti chipolopolo chilowe mu mfuti iliyonse ya saiziyo. Koma inu mukudzazira mfuti imodzi, yanuyo, ndipo sindikuona chifukwa chofinyira mkuwa kuposa pamene chamber yanu ikufunira. Anthu a mfuti za .303 British amaidziwa bwino nkhaniyi, poti chigoba chawo chimaimira pa mkombero wakutsinde, ndipo mfuti zambiri za Lee-Enfield zili ndi chamber yotakasuka, moti phewa limasunthira kutsogolo kwambiri pa kuwomba koyamba. Zigoba zoimira pa lamba wakutsinde ngati .300 Winchester Magnum nazo n'chimodzimodzi. Ena amathawira ku kufinya khosi lokha, mbali yakutsogolo yogwira chipolopolo. Zimathandiza ndithu kwa kanthawi, koma tsiku lina bolt imadzakana kutseka, mwina nyama ili patsogolo. Ine ndimaima pa kufinya chigoba chonse nthawi zonse, koma pang'ono, mochita kuyeza.

Tengani zigoba zingapo zowombedwa mu mfuti yanu, muchotse primer (kachitsulo kakutsinde koyatsa onga) kaye chifukwa ikatumphuka imanamiza muyeso, ndiye muyeze kuchokera kutsinde kufika paphewa ndi caliper (chida choyezera) yomangirira comparator (kachipangizo kokhala paphewa poyeza). Kwezani die, muziitsitsa pang'onopang'ono mpaka phewa libwerere ndi inchi 0.002. Pa mfuti yodzikokera yokha bwezani 0.003 kapena 0.004. Dzanja likhale lofatsa: mazinga a die ndi 14 pa inchi, choncho kuzungulitsa kamodzi kumaitsitsa pafupifupi 0.071, ndipo gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira ndi 0.009, kale mwapyola. Mafuta pakani ochepa pathupi la chigoba. Akafika paphewa amasiya timaenje, akasowa chigoba chimakanirira mu die. Mkati mwa khosi mupakenso pang'ono, apo ayi expander (kachitsulo ka mu die kokuza khosi) potuluka imakoka phewa n'kusokoneza muyeso wanu.

Nanga zomwe zatamuka kale?

Wongolani kawaya kopanira mapepala, mukhotetse nsonga yake, muzikanda nako khoma lamkati kuchokera kutsinde. Kakakodwa mu kangalande, chigobacho chatha. Kunja nthawi zina kumaoneka mzere wowala wozungulira pamalo omwewo. Chiphwanyeni ndi pulayala chisadzasakanikirane ndi zabwino, ndipo zinzake zomwe zawombedwa mofanana muzikayikirenso. Chomwe primer ikulowa mosalimba nacho tayani, ndipo muunikenso onga wanu ndi buku la miyeso, chifukwa kumasuka msanga kwa kabowo ka primer kawirikawiri kumasonyeza kuti mphamvu yapyola.

Kutalika muziyeza mukamaliza kufinya. Malire a .308 ndi inchi 2.015, ndipo podula mumafikitsa pa 2.005, kenako n'kusalaza mlomo mkati ndi kunja. Chigoba chotalika chimapanikiza chipolopolo pakhomo la mpope, mphamvu n'kukwera mwadzidzidzi. Mukaona kuti mukudula pafupipafupi, dziwani kuti mkuwa mukusengawo ukuchoka kutsinde.

Za kuwotcha khosi, anthu amazitama mopyola. Mkuwa wa zigoba, womwe ndi magawo 70 kopa ndi 30 zinki, umauma ukamafinyidwa mobwereza, khosi n'kuyamba kung'aluka, ndipo moto umaufewetsanso. Koma moto suchiza kuduka kwa tsinde ngakhale pang'ono. Wotchani khosi ndi phewa basi, kwa masekondi ochepa, mukulizungulitsa, ndipo utoto wa Tempilaq, womwe umasungunuka kutentha kukafika 750°F, ukuuzani poima. Kutentha kukafika kutsinde chigobacho chafewa pamalo oyenera kulimba, musachidzazenso.