Nthiti za gitala: yankho kwa kalipentala wa ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wa kwathu amene akukhala ku Rosettenville. Ndi kalipentala, amakhoma makabati a m'khitchini m'nyumba za anthu kuno ku Joni, ndipo akupanga gitala yake yoyamba ya nsambo za nayiloni. Matabwa awiri a spruce, mtengo wopepuka wa kunja, opangira nkhope (thabwa lakutsogolo kwa gitala) analumikiza kale, chibowo anaboola, tsopano wangoti kakasi. Funso lake ndi ili: "Kuseri kwa nkhope ya gitala ndimate timitengo tingati, tokhuthala bwanji? Pa YouTube ena akuluka ngati sefa, ena akuyala ngati zala za dzanja. Ndikuopa kuti nsambo zingazule briji (kathabwa komangirapo nsambo pa nkhope), ndiye ndikufuna ndiike tokhuthala kuti ilimbe."

Achimwene, mawu omalizawo ndi amene andidetsa nkhawa. Dzanja la kalipentala linazolowera kulimbitsa. Shelefu ikapindika mumaonjezera thabwa, kasitomala amasangalala. Pa gitala nzeru imeneyo idzakupatsani bokosi lokongola koma losalankhula. Kumbukirani ng'oma ya kumudzi. Chikumba chokhuthala kwambiri sichilira, ndipo woimba akafuna mawu akuya amamata phula pang'ono pakati, osati chibuma chonse. Nkhope ya gitala ndi chikumba chimenecho. Nsambo payokha siikankha mpweya wokwanira kuti munthu amve. Imagwedeza briji, briji imagwedeza nkhope, nkhope ndiyo imaimba. Timitengo ta kuseri, timene ine ndimangoti nthiti, tilipo kuti thabwa lopyapyala la mamilimita awiri ndi theka lisagonje, koma galamu iliyonse imene mwaonjezera ndi katundu amene nsambo iyenera kusenza.

Ndipo nsambo za nayiloni si zamphamvu monga mukuganizira. Zonse zisanu ndi chimodzi zimakoka pafupifupi makilogalamu 40, pamene za waya zimafika 70 kapena kuposa. N'chifukwa chake gitala ya waya imakhala ndi nthiti zikuluzikulu zopingasana ngati X. Musakopere zimenezo. Komanso tsiku lina mnzanu asadzamange nsambo za waya pa gitala yanuyi, apo ndiye briji idzazukadi.

Za kuchuluka kwake, yankho langa ndi lachidule: zisanu ndi ziwiri, zoyala ngati zala. Kayalidwe kameneka kanakhazikika ndi Antonio de Torres wa ku Almería ku Spain, amene anabadwa mu 1817 n'kumwalira mu 1892. Sindiye anayamba kuyala nthiti chonchi, koma ndiye anakulitsa thupi la gitala, kupepula nkhope ndi kuiumba kuti ikhale yotukuka pang'ono, ndipo anthu akutsatabe mpaka lero. Mu 1862 anapanga gitala imene msana ndi mbali zake zinali za mapepala omata, nkhope yokha ndiyo inali ya spruce. Ikusungidwa ku Barcelona. Anthu amati ankafuna kuonetsa kuti mawu amachokera ku nkhope. Hermann Hauser wa ku Munich anatsata njira yomweyo, ndipo gitala yake ya 1937 imene katswiri woimba gitala Andrés Segovia anaimba zaka zambiri ili ku Metropolitan Museum ku New York. Mapulani a gitala imeneyi amagulitsidwa, pezani amenewo muwatsate osasintha kanthu.

Zoluka ngati sefa zija ndi za Greg Smallman wa ku Australia, amene magitala ake anatchuka chifukwa cha woimba gitala John Williams. Amaluka balsa, mtengo wopepuka kwambiri, ndi carbon fibre, ulusi wolimba wa kufakitale, pansi pa nkhope yopyapyala kwambiri, ndipo thupi lonse amalipanga lolemera kuti ligwire. Imafuula ndithu, koma ine mawu ake sandigwira mtima, amamveka ngati munthu wolankhulira m'mphuno. Ena amawakonda, si mlandu. Pa gitala yoyamba zisiyeni, ukalakwitsa pamenepo sudziwa ngakhale pamene walakwitsa.

Tsono tiyeni ku benchi. Mitanda ikuluikulu ndi iwiri, wina pamwamba pa chibowo, wina pansi pake, yodutsa chopingasa. Imeneyi ndiye musaiumire, ikhale yolimba, msinkhu wake pafupifupi mamilimita 15, chifukwa ndiyo imaletsa nkhope kugwera m'chibowo khosi likamakoka. Kuyambira pa mtanda wapansi kutsika ndiye bwalo la gule. Nthiti imodzi pakati penipeni pa mzere wolumikiza matabwa, zitatu kumanja, zitatu kumanzere, zonse zoloza kumalo amodzi cha kukhosi. Kumunsi kwenikweni timitengo tiwiri topendekeka timatseka mapazi a nthitizo ngati V. Ine ndimayamba ndi nthiti za mamilimita 6 m'lifupi ndi 4 kapena 5 msinkhu, podziwa kuti zambiri zidzathera pansi ngati zipalo.

Pali lamulo limodzi limene inu akalipentala mumalidziwa ndi manja ngakhale simunaliwerenge. Phaso logoneka chafulati limapindika, lomwelo mukaliimika cham'mbali limasenza denga. Mukawirikiza kawiri m'lifupi mwa nthiti, kulimba kumawirikiza kawiri. Mukawirikiza kawiri msinkhu, kulimba kumawirikiza kasanu ndi katatu. Ndiye kupala theka la milimita pamwamba pa nthiti si nkhani yaing'ono, pamene kusema m'mbali mwake kuti ikhale yosongoka ngati denga kumachotsa kulemera popanda kuifooketsa kwenikweni. Yambani ndi m'mbali, pamwamba mufikepo pomaliza.

Mtengo wa nthiti ukhale spruce, ndipo muuwaze ndi tchizulo kapena chikwanje m'malo mocheka ndi sowo. Mtengo wowaza umatsata mitsempha yake, wocheka umadula mitsemphayo mwachinsinsi ndipo umadzathyoka chopendekeka. Mizere ya zaka iime chilili pa nkhope. Paini wa m'mahadiweya a kuno musayerekeze, ndi wolemera, wa mfundo, wodzaza utomoni. Spruce wabwino amachokera ku mapiri a Alps kapena ku North America ndipo ndi wodula, koma kuno ku Joni anthu amataya mapiyano akale akamasamuka, ndipo thabwa lomveketsa mawu m'kati mwa piyano ndi spruce amene wauma zaka zambirimbiri. Mungosamala pomasula, mawaya ake amakoka matani ambiri, amasulidwe pang'onopang'ono. Mitengo ya kwathu ili ndi malo ake ena. Mbawa ndi yabwino pa khosi, mlombwa umene kuno amautcha kiaat umapanga msana ndi mbali zokongola. Mkungudza wa ku Mulanje musaufunse n'komwe, watsala pang'ono kutha ndipo ndi woletsedwa.

Chimene simunafunse ndi chimene chinandipweteka ine. Gitala yanga yoyamba ndinamata nthiti mu Januwale, m'galaja ina ku Turffontein, mvula ya mabingu ikugwa madzulo alionse. Inalira bwino miyezi isanu. Usiku wina mu Julayi ndinamva kuti thwa! M'mawa ndinapeza mng'alu kuyambira pa briji mpaka kumunsi. Thabwa limatupa ndi kufota chopingasa mizere yake, koma mitanda yomata chopingasa siifota nalo. Ndinamata thabwa litamwa chinyezi, ndiye chisanu cha kuno, kumtunda kwa mamita oposa 1,700 kumene milomo imachita kung'aluka, chinalifinya mpaka linang'ambika. Ng'oma timaiwamba pamoto kuti ikungike, ikazizira imabwerera. Spruce akakungika mopyola sabwerera.

Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, n'kotchipa. Opanga magitala ambiri amamata chinyezi chili pakati pa 40 ndi 50 peresenti, ndipo kwa gitala yokhala kuno ndi bwino kutsamira kumunsi kwa nambalazo. Gitala yomata kouma ikapita konyowa, kaya ku Durban kaya mwakwera nayo basi pa Park Station kupita ku Nkhata Bay, imangotupa pang'ono, nsambo n'kukwera, basi. Yomata konyowa ikabwera kouma ndiyo imasweka. Ngati mukuwerenga izi nthawi ya mvula, yambani mwasema khosi, nthiti zidikire Meyi.

Pomata mufunika thabwa logonekapo nkhope, limene a ku Spain amati solera, lokumbidwa pang'ono ngati mbale, mamilimita awiri kapena atatu pamalo a briji. Mukakanikizira nthiti m'mbale imeneyo guluu n'kuuma, nkhope imatuluka yotukuka, ndipo kutukukako kumailimbitsa popanda kuonjezera mtengo. Makilampu safika pakati. Ikani denga la thabwa pamwamba pa benchi, mupinde timitengo towonda pakati pa dengalo ndi nthiti, tizikankha tokha. Guluu wa zikopa wotenthetsa ndiye wa makolo, ndipo ubwino wake amamasuka ndi kutentha ndi madzi ukafuna kukonza, koma amagwira msanga, makamaka m'chisanu. Guluu wa matabwa wa Titebond wamba akukwanirani. Contact glue wa makabati uja asayandikire.

Guluu akauma ndiye ntchito yokoma imayamba, ndipo pano kuona maso a nkhono n'kudekha. Tchizulo chikhale chakuthwa moti n'kumeta tsitsi la pamkono. Matani katoni kapena tepi m'mbali mwa nthiti kuti chikaterereka chisalase nkhope. Nsonga za nthiti zonse muzitsetsereke mpaka zitatsala pang'ono kutha. Mukapala pang'ono, nyamulani nkhope ndi zala ziwiri cha kumtunda, muiike pafupi ndi khutu, mugogode ndi chala pamalo a briji. Poyamba idzati gu, ngati chitseko. Mukamapala mawu amatsika ndi kutalika, mpaka idzayamba kuti ngwii, kulira kopitirira. Muipindenso mofatsa ndi zala zazikulu, izigonja pang'ono n'kubwerera msanga. Ikayamba kumveka ngati katoni mwapyola, ndipo nthiti imeneyo muyenera kuichotsa n'kumata ina.

Musanatseke bokosi, ikani nkhopeyo pa sikelo ya kukhitchini, mulembe kulemera kwake m'kope limodzi ndi makulidwe a nthiti iliyonse ndi chinyezi cha tsikulo. Mujambulenso kugogodako pa foni munditumizire pa WhatsApp, ndimve nawo musanamate msana.