Miyezi itatu ukujambula database, koma tebulo ngakhale limodzi palibe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chomaliza pa maphunziro a kompyuta. Akuti: "Projekiti yanga ndi database ya laibulale. Patha miyezi itatu ndikukonza ER diagram, mabokosi afika 30, koma sindinapange tebulo lililonse poopa kuti ndikalakwitsa poyamba zonse zidzasokonekera. Bambo akuti ndiyambe ndalowa kosi ina ya satifiketi. Nditani?"

Makalata otere ndimalandira chaka ndi chaka, ndipo amanditopetsa. Mwana iwe, ukuti ukusamala, koma amenewo ndi mantha basi. ER diagram, pulani ya mabokosi ndi mizere yosonyeza zimene zidzasungidwe mu database ndi mmene zikulumikizirana, imene Peter Chen anaifotokoza mu 1976, ndi yothandiza kuganiza. Singakuuze zimene wogwira ntchito mulaibulale anaiwala kutchula tsiku limene unamufunsa.

Yamba ndi matebulo atatu okha: mabuku, owerenga, ndi zobwereka. Uwaike mu pulogalamu yoyendetsa database ngati PostgreSQL kapena SQLite, ulowetsemo mabuku enieni 20. Sabata isanathe uona zachilendo. Buku lina lili ndi makope asanu pashelefu, munthu wabwereka limodzi, database ikuti buku lonselo latuluka. Pamenepo uzindikira wekha kuti mutu wa buku ndi kope lake ndi zinthu ziwiri, chilichonse chikufuna tebulo lake. Papepala ukanaliona liti vutoli?

Luso lenileni lagona pa kasinthidwe. Usamasinthe tebulo pamanja n'kumadalira kuti ukumbukira. Kusintha kulikonse kulembedwe m'kafayilo ka SQL (chilankhulo cholamulira database) kokhala ndi nambala, kasungidwe mu Git (chida chosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo) pamodzi ndi code, ndipo chida ngati Flyway kapena Liquibase chizikayendetsa motsatira manambalawo. Pa nkhani ya makopeyi, panga tebulo latsopano, usamutsiremo deta, pulogalamu iyambe kuwerenga kumeneko, uyese, ndipo column yakale ya mu tebulo la mabuku, imene munali detayo, uichotse pomalizira penipeni ukatsimikiza kuti palibenso chikuigwiritsa ntchito. Scott Ambler ndi Pramod Sadalage analemba buku lathunthu pa njira zoterezi mu 2006, Refactoring Databases.

Koma usamve molakwika. Chitulukire Agile Manifesto mu 2001, chikalata cholimbikitsa kupanga mapulogalamu pang'onopang'ono n'kumasintha ntchito ili mkati, alipo ambiri amene mawu akuti agile anawasandutsa pobisalira ulesi. Primary key (chizindikiro chosiyanitsa mzere uliwonse wa mu tebulo) ndi normalisation (kugawa matebulo kuti deta isamabwerezedwe) uzidziwe kuyambira tebulo loyamba, ndipo usanasinthe kanthu tenga backup, kope lapadera la deta yako. Code yolakwika umalembanso, pamene mbiri ya amene anabwereka buku ikafufutika sudzaipezanso.

Inu bambo, mwanayu sakusowa satifiketi ina. Mukumuonjezera chifukwa china chozengerezera. Mumufunse kuti akuonetseni pa sikirini buku limene walowetsa lero.

Pansi pa kalatayo walembanso kuti ukufuna kukayamba ntchito ngati data architect, katswiri wokonza mapulani a ma database. Iwalako kaye. Udindo umenewo amapatsa anthu amene anaonapo database ikuvuta anthu ali mkati mogwiritsa ntchito, n'kuikonza. Iwe ukayambira kulemba ma query, malamulo ofunsira deta mu database, ndi kukonza za anzako. Komabe ndivomere, wophunzira amene wafika pojambula mabokosi 30 mutu wake umagwira, ndipo pofunsira ntchito, mafayilo khumi osonyeza mmene unasinthira matebulo ako ndi chifukwa chake adzakuyankhulira bwino. Lachisanu likudzali unditumizire matebulo atatu aja.