Za i5-9600K yanu ija: yambani mwaona kutentha

Achimwene, mwati mwagula kompyuta yogwirapo kale ntchito kwa munthu wina ku Turffontein, ili ndi purosesa ya Intel i5-9600K pa motherboard ya Z390, ndipo mukufuna kuipanga overclock, kutanthauza kuikwezera liwiro kuposa la ku fakitale, ifike 5 GHz monga mwaonera pa YouTube, koma mukuopa kuiotcha. Mwanenanso kuti ndi yomwe mumakonzerapo mavidiyo a zikwati za anzathu muno mu Joni. Apa ndi pamene pandichititsa kulemba motalika, chifukwa makina ogulira ufa ndi kulipirira lendi sitiwaseweretsa ngati a magemu.

Kunena za zida, zanuzo zikulola. Chilembo K chija chikutanthauza kuti a Intel sanaikhome purosesayo, ndipo board ya Z ndiyo imakupatsani kiyi. Anzathu a ma board a H310 kapena B360 musadzivute, simudzaipeza njira. A mapurosesa a AMD Ryzen, ma board a B450 ndi B550 amalola, A320 ayi.

Koma tiwerengetsere kaye phindu lake. Liwiro la purosesa limachokera pa 100 MHz kuchulukitsa ndi nambala yomwe mu BIOS (tsamba la masetingi a board, lomwe mumalowamo Windows isanayake) imalembedwa kuti CPU ratio. Yanuyo payokha imayambira pa 3.7 GHz, imakwera mpaka 4.6 ngati ntchito ili pa core imodzi (ma core ndi tizigawo ta purosesa togawana ntchito), ndipo ma core onse 6 akamagwira limodzi, monga pokonza vidiyo, imakhala pa 4.3. Kuchoka pa 4.3 kufika pa 5.0 mwaonjezera 16 peresenti basi, zinthu zikayenda bwino kwambiri. Vidiyo yomwe imatha ola lathunthu izitha mphindi 52. Si zochepa ayi, komanso si zoti munthu n'kuotchera board.

Chimene chimapha si liwiro, ndi voteji ndi kutentha. Mukakweza voteji pang'ono, moto umakwera kwambiri: kuchoka pa 1.20 V kufika pa 1.35 V kutentha komwe purosesa imatulutsa kumaonjezereka kuposa kota, musanakhudze n'komwe liwiro. Tsono 9600K inkagulitsidwa yopanda cooler (choziziritsira purosesa) m'bokosi, ndiye chilichonse chili pamwamba pakepo anaikapo ndi mwini wake woyamba. Tsegulani muone. Ngati ndi kafani kakang'ono kafulati, iwalani za 5 GHz mpaka mutagula cooler yaitali ya mapaipi amkuwa. Pukutani thermal paste wakale, phala lija la pakati pa purosesa ndi cooler, muike watsopano, kadontho konga nsawawa, ndipo muuzire fumbi lonse. Fumbi la mphepo ya mu Ogasiti kumwera kuno, kufupi ndi milu ya m'migodi, inu nomwe mukulidziwa.

Palinso china chimene a pa YouTube aja sangakuuzeni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye fani yomweyo imachotsa kutentha kochepa kusiyana ndi ku Durban kapena Cape Town. Ine ndinapusa nazo. Yanga ndinaikonza mu Juni, usiku, nditavala majuzi awiri m'kachipinda kakuseri ku Rosettenville, ndipo manambala anali okongola zedi. Itafika Disembala, malata atatentha masana, inkagunda madigiri 100 n'kumadzichepetsa yokha liwiro, moti inkachedwa kuposa mmene inalili ndisanaigwire. Choncho muziyesa masana, kotentha, zitseko zili mmene zimakhalira tsiku ndi tsiku.

Musanasinthe kanthu, sungani mavidiyo a makasitomala pa hard drive ina. Kenako ikani HWiNFO yoonera madigiri ndi Cinebench R23 yoyesera liwiro, zonse ndi zaulere, muyendetse kamodzi n'kulemba papepala malikisi ndi madigiri. Popanda pepalalo simudzadziwa ngati mwapita patsogolo. Mukalowa mu BIOS, nthawi zambiri podina Delete poyatsa, yambani ndi XMP, yomwe imalola RAM kuyenda pa liwiro lolembedwa pa chomata chake. Makompyuta ambiri ogula kwa anthu RAM yake imakhala ikuyenda pa 2133 pamene pa chomata alemba 3000 kapena 3200. Kungoyatsa XMP ena amapeza zomwe ankafuna n'kusiyira pomwepo.

Mukafunabe kupitirira, ikani ratio pa 46 ma core onse, voteji muilembe nokha, mwina 1.25 V. Musaisiye pa Auto, board imathira voteji mosaumira ngati mchere wa eni. Load-Line Calibration, yomwe imachepetsa kutsika kwa voteji ntchito ikachuluka, ikhale yapakatikati. Lowani mu Windows, yesani, onani madigiri. Zikakhala bwino kwezani pa 47, yesaninso. Ikaima njii kapena kuonetsa sikirini ya buluu, onjezani 0.01 V, osapitirira apo nthawi imodzi. Malire anga ine ndi 1.35 V ndi madigiri 85. Chimodzi mwa ziwirizi chikafika, ndimabwerera sitepe imodzi n'kukhala pomwepo. Mwina yanu idzakana pa 4.8 pamene ya mnzanu, dzina lomwelo, ikufika 5.0. Zimachitika, ana a mimba imodzi salingana mphamvu. Mukapeza poima, ipatseni OCCT kapena Prime95, mapulogalamu oipanikiza ndi ntchito yolemetsa, kwa ola limodzi, kenako muipatse vidiyo yeniyeni yaitali, chifukwa ndinaonapo makina akupambana mayeso onse n'kudzagwa pa mphindi ya 40 ya ntchito ya kasitomala.

Ikakana kuyaka, sikirini ili bii, mtima m'malo, sinapse. Zulani pulagi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa board kwa mphindi zingapo, mubwezere. BIOS ibwerera mwakale.

Za magetsi mwachidule: musamapange update ya BIOS kunja kukuchita ziphaliwali kapena pa nthawi ya load shedding ngati mulibe UPS (batire losunga kompyuta magetsi akazima), magetsi akazima pakati board ikhoza osadzukanso. Ndipo mayunitsi azitha msangako, landilodi asadzakudabweni.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyutamo, poti simunaitchule, ndipo ogulitsa ambiri ndi pamene amaumirira ndalama. Tajambulani chomata chake pamodzi ndi cooler ija, muponye muno limodzi ndi madigiri a Cinebench musanasinthe kanthu. Ndikaziona ndikuuzani ngati muyambe Loweruka lino kapena muyambe mwasunga marandi a cooler.