Mwafunsa, Tayankha: Voti ya Amayi Inabwera Bwanji?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri ku sekondale. Ana andifunsa kuti ndi dziko liti lomwe linayamba kulola amayi kuponya voti, nanga amayiwo anachita chiyani kuti zitheke? (Mphunzitsi, Kasungu)

Aphunzitsi, auzeni kuti ndi New Zealand, m'chaka cha 1893. Koma musalekere pa chakacho, afotokozereninso m'mene ntchitoyo inagwiridwira. Kate Sheppard ndi anzake a bungwe la amayi achikhristu lolimbana ndi mowa ankayenda khomo ndi khomo kusainitsa pempho lopita ku nyumba ya malamulo. Mu 1891 anasainitsa amayi pafupifupi 9,000, mu 1892 pafupifupi 20,000, ndipo maulendo onse awiri bilu inakanika ku nyumba yaikulu ya aphungu. Amene ankakhomerera kwambiri anali ochita malonda a mowa, poopa kuti amayi akangoyamba kuvota atseketsa mabala.

Mu 1893 masaini anafika pafupifupi 32,000. Mapepala a pempho lalikulu anawamata limodzi n'kuwakulunga pa mtengo wa tsache, kutalika kwake mamita oposa 270, ndipo phungu John Hall analowa nalo m'nyumba ya malamulo pa wilibala. Bilu inadutsa movutikira, mavoti 20 kwa 18, ndipo bwanamkubwa anaisainira pa 19 Sepitembala. Chisankho chinali pa 28 Novembala, choncho nthawi ya kalembera inali yochepa zedi, komabe amayi oposa 100,000 analembetsa. Amayi a mtundu wa Maori nawonso anapatsidwa voti. Kuima pa chisankho anawalola mochedwa, mu 1919.

Funso: Ndinamva kuti amayi a ku Britain ankaswa mawindo ndi kutentha nyumba. Kodi zipolowezo n'zimene zinawapatsa voti? (Wowerenga, Mangochi)

Anachitadi zimenezo, koma si onse. Panali magulu awiri akuluakulu. La Millicent Fawcett, lomwe linayamba mu 1897, linkachita misonkhano, kulemba makalata ndi kukambirana ndi aphungu, ndipo ndilo linali ndi mamembala ambiri. La Emmeline Pankhurst linayamba ku Manchester mu 1903, anthu atatopa ndi kudikira, pakuti pempho lotchuka la amayi linali litafika kale ku nyumba ya malamulo mu 1866 koma osaphula kanthu. Gulu la Pankhurst ndilo linkachita zipolowezo.

Zimene amayiwa anaona m'ndende n'zomvetsa chisoni. Kuyambira mu 1909 omangidwa anayamba kunyanyala chakudya pofuna kuti boma liwaone ngati akaidi a ndale. Oyang'anira ndende ankawapanikiza pampando, dokotala n'kulowetsa paipi ya labala pamphuno kapena pakamwa mpaka m'mimba, n'kuthiramo mkaka wosakaniza ndi mazira. Paipiyo ikaphonya njira, chakudya chinkalowa m'mapapo ndipo munthu ankadwala chibayo. Anthu atadandaula, boma linapanga lamulo mu 1913 loti mkaidi akafooka azitulutsidwa, akapezako mphamvu azimangidwanso. Chaka chomwecho Emily Davison, wa gulu la Pankhurst, anagundidwa ndi hatchi ya mfumu pa mpikisano wa ku Epsom, namwalira patapita masiku anayi.

Ife tikuona kuti zipolowe zinachititsa kuti nkhaniyi isachoke m'nyuzipepala, koma zinathamangitsanso aphungu ena omwe ankamvetsa. Lamulo linadutsa mu 1918, amayi atagwira ntchito za m'mafakitale pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo linali la theka: mwamuna ankavota ali ndi zaka 21, mayi mpaka akwanitse zaka 30 komanso iye kapena mwamuna wake akhale ndi nyumba kapena katundu. Atsikana ambiri amene anapanga zipolopolo m'mafakitale muja anatsala kunja mpaka 1928.

Funso: Buku lina likuti amayi a ku South Africa anayamba kuvota mu 1930, lina likuti 1994. Loona ndi liti? (Wophunzira, Zomba)

Onse awiri, chifukwa akunena amayi osiyana. Mu 1930 boma la nduna yaikulu Hertzog linapereka voti kwa amayi achizungu okha. Nthawi imeneyo amuna ena akuda a ku Cape okhala ndi katundu ankavota, ndipo kuchulukitsa ovota achizungu kunachepetsa mphamvu ya mavoti awo. Mayi wakuda anaima pamzere wa chisankho cha dziko lonse mu Epulo 1994.

Mukaona chaka m'buku, muzifunsa kuti lamulolo linasiya ndani. Ku America malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 1920 kuti amayi azivota, koma m'zigawo za kummwera amayi akuda ankabwezedwa pa kalembera powapatsa mayeso a kuwerenga ndi kuwalipiritsa msonkho wovotera, mpaka boma linalowererapo ndi malamulo a m'ma 1960, makamaka la 1965. Ku Switzerland amuna okhaokha ndi amene ankagamula pa referendamu: anakana mu 1959, navomera mu 1971, ndipo chigawo cha Appenzell Innerrhoden chinachita kukakamizidwa ndi khoti mu 1990. Kwathu kuno, pa chisankho cha Nyasaland cha 1961, wolembetsa ankayenera kukwaniritsa zofunika zokhudza kudziwa kulemba, ndalama zomwe amapeza kapena msonkho. Popeza atsikana opita ku sukulu ndi amayi a ntchito zamalipiro anali ochepa, zoyenereza zoterezi zinkasiya kunja amayi ambiri kuposa amuna.